Kansalu Koyera pa Chigoba Chochokera ku Beira: Nyama za Bryozoa ndi Magulu Ake

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pasukulu ina ya sekondale ku Mabvuku kuno ku Harare. Mwana wina wa Fomu 3 anapita ndi makolo ake ku Beira pa tchuthi ndipo anabwera ndi chigoba cha m'nyanja yamchere chimene chamatidwa ndi kansalu koyera kouma, kokhala ndi timaenje ting'onoting'ono tondandalikana ngati chisa cha njuchi. Ine ndinauza ana kuti ndi korali, koma mphunzitsi mnzanga akuti ndi bryozoa. Kodi nyama zimenezi zimagawidwa bwanji m'magulu, nanga tingathe kudziwa dzina lenileni la mtundu umene tili nawowu?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mnzanuyo walondola, pakuti kansalu kouma ka timaenje tofanana kukula, tondandalikana mwadongosolo ndiponso tomatirira pachigoba ngati utoto, kawirikawiri kamakhala mudzi wa tinyama ta bryozoa. Musade nkhawa kuti munatchula korali, chifukwa akatswiri a zachilengedwe a ku Ulaya anasokonezeka chimodzimodzi kwa zaka zoposa 100. Koma pa mbali yofuna dzina la mtundu weniweniwo, ndiyenera kukuuzani poyera kuti dzinalo silingapezeke pongoyang'ana ndi maso kapena pa chithunzi cha pafoni, chifukwa zizindikiro zimene zimasiyanitsa mitundu ya nyamazi n'zazing'ono kuposa kambewu ka mchenga.

Kaenje kalikonse kamene mukukaonako kanali nyumba ya kanyama kamodzi kotchedwa zooid, kamene kutalika kwake kumakhala pafupifupi theka la milimita. Tinyama tonse ta pachigobapo tinachokera kwa kholo limodzi, kamphutsi kamene kanasambira m'madzi kwa kanthawi, kenaka kanamatirira pachigobacho n'kusanduka zooid yoyamba yotchedwa ancestrula. Kholo limenelo linaphukira ana m'mbali mwake, anawo anaphukiranso ena mpaka mudzi unafalikira, ndipo onsewo amakhalabe olumikizana kudzera m'timabowo ta m'makoma mwawo momwe amapatsirana chakudya. Kanyama kakafuna kudya kamatulutsa nkhata ya timanja tokhala ndi tiubweya togwedera, yotchedwa lophophore, imene imakokera madzi kukamwa n'kusefa tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzimo, ndipo kakamva choopsa kamabweza nkhatayo m'kati mofulumira kwambiri. Apa ndi pamene pagona kusiyana ndi korali. Thupi la korali lili ngati thumba la khomo limodzi, lolowera chakudya n'kutulukiranso zotsala, ndipo timanja take tili ndi mbola zobayira. Bryozoa ilibe mbola, ndipo ili ndi matumbo athunthu opindika ngati chilembo cha U, kamwa kwina ndi kotulukira zotsala kwinanso. Poti kugawa zamoyo m'magulu kumatsata makolo, monga mmene ife timafunsira munthu mfunda wake ndi kumudzi kwawo tisanamutche mbale, kusiyana kumeneku n'kokwanira kuika nyama ziwirizi kutali kwambiri.

Zinatenga nthawi kuti anthu afike pozindikira zimenezi. Robert Hooke anajambula timaenje ta Flustra foliacea, mtundu wina wa bryozoa, pa maikulosikopu yake m'chaka cha 1665 akuiyesa chomera cha m'nyanja, ndipo Carl Linnaeus mu 1758 anaika zamoyo zotere m'gulu limene analitcha Zoophyta, kutanthauza nyama zonga zomera. Charles Darwin, ali wophunzira wa zaka 18 ku Edinburgh mu 1827, anauza ophunzira anzake kuti zimene anthu ankazitcha mazira a Flustra zimasambira zokha, choncho ndi timphutsi tamoyo. Amene anaona bwinobwino matumbo athunthu aja n'kupatula nyamazi kwa achibale a korali anali John Vaughan Thompson, dokotala wa asilikali amene ankakhala ku Cork ku Ireland, ndipo mu 1830 anazitcha Polyzoa, kutanthauza nyama zambiri. Chaka chotsatira, mu 1831, Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany anazitcha Bryozoa, kuchokera ku mawu Achigiriki otanthauza ndere ndi nyama. Mukakumana ndi dzina loti Polyzoa m'mabuku akale a ku Britain, amene ena akadali m'mashelefu a sukulu zathu, dziwani kuti akunena nyama zomwezi. Lamulo loti dzina loyamba kusindikizidwa ndilo lolondola limagwira ntchito kuyambira pa banja kutsikira m'munsi, ndipo silikhudza magulu akuluakulu ngati phylum (makwerero a magulu a zamoyo, kuchokera pamwamba, ndi phylum, class, order, banja, genus, kenaka mtundu), n'chifukwa chake mayina awiriwa anayendera limodzi kwa zaka zambiri mpaka la Ehrenberg linakhazikika.

Palinso dzina lachitatu, Ectoprocta. Mu 1869 Hinrich Nitsche anaona kuti tinyama tina timene tinkawerengedwa limodzi ndi bryozoa tili ndi kotulukira zotsala m'kati mwa nkhata ya timanja, pamene kwa zinazo kuli kunja kwa nkhatayo, ndipo anatcha zoyambazo Entoprocta, zachiwirizo Ectoprocta. Lero Entoprocta ndi phylum yapayokha, ndipo dzina loti Bryozoa latsalira za kunja zokhazo. Kafukufuku wa DNA kuyambira mu 1995 waika Bryozoa m'fuko lalikulu lotchedwa Lophotrochozoa, momwe mulinso nkhono ndi nyongolotsi zam'nthaka. Choncho kansalu ka pachigoba chanucho kali pa ubale wapafupi ndi nyama imene inapanga chigobacho kuposa ndi korali.

Mitundu yamoyo ya bryozoa imene yalembedwa ili pafupifupi 6,000, ndipo ina pafupifupi 15,000 imadziwika kudzera m'zotsalira zake za m'miyala. Yonseyi imagawidwa m'magulu atatu a msinkhu wa class. Loyamba, Phylactolaemata, ndi la m'madzi opanda mchere mokha, ndipo lili ndi mitundu yosakwana 100. Nyama zake zilibe chigoba cha laimu, nkhata yake imakhala ngati chitsulo cha kuphazi kwa kavalo, ndipo zimapanga timbulu tolimba totchedwa statoblast timene timapirira chilala ndi kuzizira n'kudzaphuka madzi akabwera. Plumatella, ya m'gulu limeneli, imapezeka m'madamu ndi m'mitsinje m'maiko ambiri ndipo imatseka mapaipi a madzi. Kwa ana a dziko lopanda nyanja yamchere ngati Zimbabwe, gulu limeneli ndilo angathe kulifunafuna lamoyo pansi pa miyala ndi pa mitengo yomira, koma chigoba cha ku Beira sichingakhale nalo.

Lachiwiri ndi Stenolaemata, la m'nyanja yamchere mokha, limene tinyama take timakhala m'timachubu tatitali ta laimu tokhala ndi pakamwa pobulungira popanda chitseko. Gulu limeneli ndilo linali lalikulu m'nyanja zakale. Zotsalira za bryozoa zosakayikitsa zimayambira m'nyengo ya Ordovician, zaka pafupifupi mamiliyoni 480 zapitazo, ndipo kwa nthawi yaitali ma order monga Trepostomata ndi Fenestrata anadzaza pansi pa nyanja mpaka mafupa ake anasanduka miyala ya laimu. Chiwonongeko chachikulu cha kumapeto kwa nyengo ya Permian, zaka mamiliyoni 252 zapitazo, chinawakantha koopsa, ochepa amene anapulumuka anatha m'nyengo yotsatira, ndipo order imodzi yokha, Cyclostomata, ndiyo yafika lero ndi mitundu mazana angapo. Mu 2021 ofufuza ena analengeza kuti chotsalira cha m'nyengo ya Cambrian, imene inadza Ordovician isanafike, chotchedwa Protomelission ndi bryozoa yakale kuposa zonse, koma mu 2023 ena anatsutsa kuti ndi ndere zobiriwira. Nkhani imeneyi ndimaiona yoyenera kuuza ana, kuti aone mmene asayansi amatsutsirana ndi umboni.

Lachitatu, Gymnolaemata, ndilo lalikulu lero, ndipo lili ndi ma order awiri amene George Busk anawatcha mayina mu 1852. Ctenostomata ndi zofewa, zopanda laimu, ndipo zikauma sizisiya kanthu kooneka bwino. Cheilostomata zili ndi timabokosi ta laimu, ndipo bokosi lililonse lili ndi kachitseko kotchedwa operculum kotseka pamene nkhata imatulukira. Zinayamba kuoneka kumapeto kwa nyengo ya Jurassic kuchokera mwa makolo a m'gulu la Ctenostomata, zinachuluka kwambiri m'nyengo ya Cretaceous, ndipo lero pa mitundu isanu iliyonse yamoyo, pafupifupi inayi ndi ya Cheilostomata. Kansalu kanu, poti ndi kolimba ndipo timaenje take tandandalikana ngati timabokosi, n'kutheka kwambiri kuti ndi ka order imeneyi.

Tsono kutsika kuchokera pamenepa ndi kumene kumafuna kuleza mtima. Chinthu choyamba chimene maso amaona, ndiko kuumbika kwa mudzi wonse, ndicho chimanamiza kwambiri. Pali midzi yomata ngati utoto, yanthambi ngati kachitsamba, yamasamba ngati letesi, yaukonde, ndi ina yobulungira ngati kandalama imene imayenda pamchenga, koma maumbidwe amenewa anatulukira mobwerezabwereza m'mabanja osiyana chifukwa amatsata mphamvu ya mafunde ndi malo omerapo, ndipo mtundu umodzi womwewo ungathe kuyamba momata n'kudzaimirira ukakula. Katswiri amasiya mudzi n'kuyang'ana kanyumba kamodzi. Amaona kuumbika kwa khomo lake, ngati lili lobulungira kapena lili ndi kampata m'munsi, ngati m'kati mwake muli timano togwira chitseko, kuchuluka kwa minga yozungulira khomolo, ndi mmene timabowo tayalidwira pa khoma lapamwamba. Amaonanso ovicell, kachipewa ka laimu kamene mitundu yambiri imalereramo ana ake, pakuti kuumbika kwake kumathandiza kusiyanitsa mabanja.

Mbali imene ine imandichititsa chidwi kwambiri ndi yoti m'mudzi umodzi tinyama tonse tili ndi chibadwa chimodzi, komabe timagawana ntchito monga mmene zimakhalira m'chulu cha chiswe momwe muli antchito, agang'a oteteza ndi make chulu. Tina timasiya kudya n'kusanduka avicularia, timene chitseko chake chimakula n'kukhala chibwano cholumira tizilombo tofuna kukhala pamudzipo. Pa mitundu ina, monga ya Bugulina, avicularia imafanana ndi mutu wa mbalame wokhala pa kakhosi kogwedera, ndipo Darwin ataiona pa ulendo wake wa pa sitima ya Beagle anaifanizira ndi mutu wa muimba. Tina timasanduka vibracula, kaubweya katali kosesa dothi pamudzi. Pamene avicularia yakhala, kumene yaloza, ndiponso ngati mlomo wake ndi wosongoka kapena wotambalala, n'zimene kawirikawiri zimalekanitsa mitundu iwiri ya genus imodzi.

M'mabuku ambiri mudzapeza Cheilostomata zitagawidwa pawiri, Anasca ndi Ascophora, motsatira G. M. R. Levinsen wa ku Denmark amene anapereka mayinawa mu 1909. Maziko ake ndi mmene kanyama kamatulutsira nkhata. Kwa Anasca, pamwamba pa bokosi pali kachikopa kofewa, minofu ikakakokera pansi madzi a m'thupi amapanikizika n'kukankhira nkhata kunja. Kwa Ascophora, pamwamba pali denga la laimu losapindika, choncho pansi pa dengalo pali kathumba kotchedwa ascus kamene kamadzaza madzi a m'nyanja nkhata ikamatuluka. Kugawa kumeneku kunatumikira kwa zaka zambiri, koma zotsalira za m'miyala ndi DNA zasonyeza kuti denga ndi kathumbako zinatulukira kangapo m'mizere yosiyana ya makolo, motero mayinawa tsopano amangofotokoza kapangidwe ndipo sawerengedwanso ngati magulu a ubale. Kwa inu akadali othandiza ndithu. Ngati timaenje tanu tili pululu ngati mawindo, ndiye kuti kachikopa kanaola n'kusiya makoma okha, ndipo muyambe kufufuza m'mabanja monga Membraniporidae ndi Electridae, amene amakonda kumata zigoba ndi zomera za m'madzi osaya. Ngati kanyumba kalikonse kali ndi denga ndi kakhomo kakang'ono kumapeto, mabanja oti muwaganizire ndi ambiri zedi.

Mwina mungafunse ngati mafupa okha angathe kusonyeza mtundu weniweni, popeza mtundu umadziwika ndi kuberekana. Jeremy Jackson ndi Alan Cheetham anayesa funso limeneli pa bryozoa za ku Panama, ndipo mu 1990 analengeza kuti mitundu imene anaisiyanitsa poyeza mafupa mosamala inagwirizana ndi kusiyana kwa chibadwa, komanso ana oleredwa m'malo osiyana anasungabe zizindikiro za makolo awo. Zimenezi zinalimbitsa mtima anthu ofufuza zotsalira za m'miyala, amene alibe china choti agwire kupatula mafupa. Komabe pali mitundu ina imene imabisala pansi pa dzina limodzi, monga mmene dzina loti chambo ku Nyanja ya Malawi limaphimbira nsomba zingapo, Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi Bugula neritina, kanyama kofiirira kooneka ngati kachitsamba, kamene kamamera pansi pa sitima ndi pa zipilala za m'madoko a m'maiko ofunda, kuphatikizapo a ku South Africa. Linnaeus anakalemba mu 1758, ndipo poti kalibe avicularia ngakhale minga, zizindikiro zoti munthu agwire n'zochepa. M'kanyamaka mumapezeka mankhwala otchedwa bryostatin, amene George Pettit ndi anzake anafotokoza kapangidwe kake mu 1982, ndipo akhala akuyesedwa pa matenda a khansa ndi a Alzheimer, oiwalitsa zinthu. Mankhwalawa amapangidwa ndi mabakiteriya okhala m'thupi mwake, ndipo ndi ochepa kwambiri moti ofufuza a ku America anakolola matani pafupifupi 14 a nyamayi ku California kuti apeze magalamu 18 okha. Mu 1999 Seana Davidson ndi Margo Haygood anasonyeza kuti ku California komweko dzinali likuphimba mitundu iwiri yosiyana chibadwa, wa m'madzi akuya umene uli ndi bryostatin 1 ndi wa m'madzi osaya umene ulibe, ndipo pambuyo pake wachitatu unapezeka kugombe la Atlantic la kumpoto kwa America. Munthu wokolola nyamayi pokhulupirira dzina lakalelo akanatha kutaya ndalama ndi nyama zambiri pa mtundu wolakwika. DNA yasinthanso malire a genus yomweyo, pakuti mu 2015 mitundu yambiri imene inkatchedwa Bugula inasamutsidwira ku Bugulina ndi Crisularia. Ana akadandaula kuti asayansi amangosinthasintha mayina, auzeni kuti dzina limasintha umboni wa ubale ukapezeka, ndipo dzina lakalelo silitayidwa koma limasungidwa m'kaundula kuti wowerenga mabuku akale asasochere.

Pa gombe lathu la kumwera kwa Africa nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa ofufuza oyambirira ankakonda kupatsa nyama za kuno mayina a mitundu ya ku Ulaya imene ankaidziwa kale. Busk analemba bryozoa zimene sitima ya HMS Challenger inatola pa ulendo wake wa 1872 mpaka 1876, Peter Hayward ndi Patricia Cook analemba za kugombe la kum'mawa kwa South Africa mu 1979 ndi 1983 n'kupeza mitundu yambiri yatsopano, ndipo mu 2007 Wayne Florence ndi anzake anaunikanso za m'madzi osaya a kugombe la kumadzulo kwa dzikolo. Gombe la Mozambique silinafufuzidwe mozama ngati limenelo, choncho kuthamangira kupatsa chigoba cha ku Beira dzina lochokera m'buku la ku Britain n'kubwereza cholakwa chakale chomwecho. Dzina la mtundu limamangiriridwa pa chitsanzo chimodzi chosungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe, chotchedwa holotype, ndipo katswiri amatsimikiza dzina poyerekeza zithunzi za maikulosikopu ya ma electron, imene imakuza zinthu kwambiri kuposa yamasiku onse, ndi chitsanzo chimenecho kapena kufotokoza kwake koyambirira.

Zimene mungachite m'kalasi ndi zambiri ndithu. Choyamba lembani pakapepala malo enieni amene mwanayo anatola chigobacho, tsiku lake, ndiponso ngati anachitola pamchenga chitauma kapena m'madzi, chifukwa chitsanzo chopanda mbiri yotere akatswiri sachigwiritsa ntchito. Musachikwechese ndi burashi. Ngati n'kotheka benthulani kachidutswa kakang'ono, mukaviike kwa mphindi zingapo m'madzi osakaniza ndi Jik pang'ono kuti zofewa zotsalira zisungunuke, mukatsuke ndi madzi oyera n'kukaumitsa, koma mbali yaikuluyo muisiye mmene ilili popeza Jik amawononga zitseko ndi zibwano za avicularia. Mukatero muyang'ane ndi galasi lokuza ka 10 kapena ka 20, kapena ndi maikulosikopu younikira kuchokera pamwamba, nyali mutaiika chammbali kuti mithunzi ionetse makoma. Ana ajambule kanyumba kamodzi, awerenge tinyumba timene tikukwana pa milimita imodzi ya rula, afunefune ancestrula chapakati pomwe mizere ikuyambira, ndipo aone ngati pali zipewa za ovicell kapena tinyumba tina tosiyana ndi tinzake. Mukafika poganizira dzina la banja kapena genus, mulitsimikize mu World Register of Marine Species, kaundula wa pa intaneti amene amasonyeza dzina lovomerezeka lero pamodzi ndi mayina akale. Pakapepala ka chigobacho mulembe Bryozoa, Gymnolaemata, Cheilostomata, muonjezere banja ngati zizindikiro zakukhutiritsani, ndipo malo a dzina la mtundu muwasiye opanda kanthu kufikira chitsanzocho chitaonedwa ndi katswiri pa maikulosikopu ya ma electron.